Mwana wanga akufunsa komwe filosofi inayambira: ndimuyambitse pati?

NaPhiri_Dedza
Moni nonse apagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa pogwira. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, ali mu Fomu 3, ndipo tchuthi chino wakhala akundipanikiza ndi mafunso omwe sindinawakonzekere. Dzulo tikutong'ola chimanga anandifunsa kuti dziko lisanakhalepo kunali chiyani. Nditamuyankha kuti Mulungu ndiye analenga zonse, sanatsutse ayi, koma anafunsanso kuti anthu akale omwe sanamvepo za Baibulo ankayankha bwanji funso lomweli. Kusukulu wamvako mawu akuti filosofi, ndipo wina anamuuza kuti inayambira kwa Agiriki ndiponso kuti inatuluka m'nthano za milungu yawo. Ine sindinaphunzirepo zimenezi. Ndithandizeni: kodi n'zoona kuti filosofi inachokera m'nthano, ndipo ngati n'zoona, ziwirizi zimasiyana pati? Ndinenenso poyera kuti ndili ndi kamantha koti mwina zingamusokoneze pa chikhulupiriro chake.

MphunzitsiWopuma
Mayi NaPhiri, mwana wanuyo wayamba kale filosofi, chifukwa funso lomwe anakufunsanilo ndi lomwenso Agiriki anayambira. Ine ndinganene kuti mumuyambitse ndi nthano zenizenizo, kenako aone yekha pomwe zinthu zinasinthira.

Cha m'ma 700 BC kunali mlakatuli wotchedwa Hesiod, yemwe analemba ndakatulo yaitali ya Theogony yofotokoza mibadwo ya milungu. Iye anati pachiyambi penipeni panali Chaos, kutanthauza phompho lalikulu lopanda kanthu, kenako kunabwera Gaia, yemwe ndi dziko lapansi. Gaia anabala Ouranos, yemwe ndi thambo, ndipo mwa awiriwa munabadwa Kronos, bambo wa Zeus. Onani kuti dziko ndi thambo akuzifotokoza ngati anthu a m'banja limodzi, okwatirana, obereka ndiponso olandana ufumu. Chimodzimodzinso nyengo za chaka. Ankati Demeter, mulungu wamkazi wa mbewu, anali ndi mwana wamkazi dzina lake Persephone, yemwe anabedwa ndi Hades n'kupita naye kudziko la akufa. Mayiyo ali pachisoni mbewu zinaleka kumera, mpaka anagwirizana kuti mwanayo azibwerera kwa mayi ake, koma poti anali atadya njere za khangaza kumeneko, ankayenera kukhalako gawo lina la chaka chilichonse. Nthawi imeneyo ndiyo minda imakhala mbee. Chivomezi nacho ankati ndi ntchito ya Poseidon, mulungu wa nyanja, akakwiya.

Kenako mumuuze za mzinda wa Agiriki wa Miletus, womwe mabwinja ake ali kugombe la kumadzulo kwa dziko lomwe lero ndi Turkey. Kumeneko, m'zaka za m'ma 500 BC, munthu wotchedwa Thales anati chiyambi cha zinthu zonse ndi madzi, ndipo dziko limayandama pamadzi ngati chikuni. Chivomezi anachifotokoza kuti ndi kugwedezeka kwa dziko pamadzipo, monga momwe bwato limachitira pakakhala mafunde. Funso silinasinthe, koma m'yankho lake mulibenso mkwiyo wa mulungu aliyense.

Kamtsinje
Aphunzitsi, komatu Thalesyo analakwitsa. Dziko siliyandama pamadzi. Ndiye timulemekezerenji munthu yemwe anangochotsa bodza lina n'kuikapo lina?

WaKuChirunga
A Kamtsinje, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake ndilo phata la nkhani yonseyi. Ine ndinaphunzira filosofi ku yunivesite ku Zomba, ndipo chomwe chinanditsegula maso ndi zomwe zinachitika Thales atanena zimenezo. Munthu akakuuzani kuti chivomezi ndi mkwiyo wa Poseidon, mulibe pomugwirira. Mukhoza kukhulupirira kapena kukana, basi. Koma akanena kuti dziko lakhala pamadzi, ngakhale mwana akhoza kufunsa kuti nanga madziwo akhala pa chiyani, ndipo Aristotle, katswiri wa filosofi wachigiriki yemwe anabwera pambuyo pake, anadzafunsadi funso limeneli.

Mnzake wa Thales wa mumzinda womwewo, Anaximander, sanavomereze za madzizo. Iye anati dziko silinatsamire pa kanthu kalikonse, langokhala pakati, ndipo siligwa chifukwa latalikirana mofanana ndi mbali zonse, kotero palibe chifukwa choti lipite uku kusiya uko. Anatinso chiyambi cha zinthu si madzi kapena china chomwe timachiona, koma chinthu chopanda malire chomwe anachitcha apeiron. Pambuyo pake Anaximenes, wa ku Miletus komweko, anatsutsa onse awiri n'kunena kuti chiyambi ndi mpweya: ukapyapyala umasanduka moto, ukathithikana umasanduka mphepo, kenako mtambo, madzi, dothi, mpaka mwala. Anaperekanso umboni woti aliyense akhoza kuuyesa: mukapemerera dzanja milomo mutaisongola mpweya umamveka wozizira, koma mukauzira kukamwa kuli yasa umamveka wofunda.

Anthu atatu, mzinda umodzi, m'zaka zosakwana 100, aliyense akukonza zomwe mnzake ananena ndipo akupereka zifukwa. Onse atatu analakwitsa pa zambiri, koma analakwitsa m'njira yoti wobwera pambuyo akhoza kuloza pomwe palakwika. Mayi NaPhiri, muyeseni mwana wanu ndi nkhani ya mpweya padzanja ija, kenako mumufunse ngati umboniwo ukukwanira.

Kamtsinje
Apo ndamva. Ndiye kusiyana kwake kuli pa kulola kutsutsidwa.

MkuluWaMpingo
Ine ndikufuna kubwerera ku mantha a mayiwa, chifukwa ndikuona kuti mwawadumpha. Pa Akolose 2:8 Paulo anachenjeza kuti wina asatigwire ukapolo ndi nzeru za anthu ndi chinyengo chopanda pake, ndipo mawu achigiriki omwe ali pavesipo ndi omwewa a filosofi. Mwana wa zaka 15 akaphunzira kuti chivomezi sichifuna mulungu, mawa adzati dziko nalo silifuna Mlengi. Ndaonapo achinyamata omwe anapita kukoleji ali oimba kwaya n'kubwerako osapondanso kutchalitchi. Sindikuletsa kuphunzira, koma ndikuti chilichonse chili ndi msinkhu wake.

Sisitere_M
Bambo Mkulu wa Mpingo, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa. Komabe Paulo yemweyo, pa Machitidwe 17, ali ku Athens anakambirana ndi Aepikureya ndi Asitoiki, omwe anali magulu a afilosofi, ndipo polalikira pa Areopagi anatchula mawu a alakatuli awo omwe. Sakanatha kutero akanakhala kuti sankazidziwa nzeru zawozo. Augustine, yemwe anabadwira ku Thagaste m'dziko lomwe lero ndi Algeria n'kudzakhala bishopu wa ku Hippo, anawerenga mabuku a otsatira a Plato, katswiri wa filosofi wachigiriki, asanabatizidwe, ndipo ananena yekha kuti anamuthandiza paulendo wake. Mumpingo wathu wa Katolika, mnyamata wofuna unsembe amayamba waphunzira filosofi asanalowe maphunziro a zaumulungu, ndipo kuno kwathu ambiri anadzera ku seminale ya Kachebere ku Mchinji.

Palinso china. Mgiriki wina, Xenophanes wa ku Colophon, anadzudzula alakatuli Homer ndi Hesiod chifukwa chonena kuti milungu imaba, imachita chigololo ndi kunamizana. Anati anthu amapanga milungu yofanana ndi iwo eni: Aitiyopiya amati milungu yawo ndi yakuda, anthu a ku Thrace amati yawo ndi ya maso abuluu ndi tsitsi lofiira, ndipo ng'ombe ndi akavalo zikanakhala ndi manja zikanajambula milungu yooneka ngati ng'ombe ndi akavalo. Koma iyeyu sanathere pokana umulungu. Analankhula za mulungu mmodzi, wamkulu koposa, wosafanana ndi anthu pa thupi kapena pa maganizo. Achinyamata omwe ine ndawaona akusiya chikhulupiriro, ambiri anali omwe mafunso awo anakanizidwa kunyumba, n'kukapeza owayankha kwina.

MkuluWaMpingo
Asisitere, za Xenophanes sindinkazidziwa, ndipo zandipatsa choganizira. Komabe ndikuumirira pa mfundo imodzi: mayiwa asamusiye mwanayo yekha ndi foni, aziwerenga naye limodzi.

NaPhiri_Dedza
Pamenepo ndagwirizana nanu, Bambo. Ndiye chifukwa chake ndabwera kudzayamba ndaphunzira ine.

Chiphaliwali88
Ine chikundiwawa n'chakuti nonse mwathamangira ku Greece ngati kuti kwina konse anthu anali mtulo. Za madzi a Thaleszo, Aiguputo anali atanena kalekale kuti pachiyambi panali madzi otchedwa Nun, ndipo dziko linatumphuka m'menemo. Ku Babylon, ndakatulo yawo ya chilengedwe ya Enuma Elish imayamba ndi Apsu ndi Tiamat, madzi abwino ndi madzi a m'nyanja yamchere, atasakanikirana. Miletus unali mzinda wa doko, amalonda ake ankafika ku Egypt. Kodi si zoonekeratu kuti Thales anangotenga nthano ya eni ake n'kuivula mayina a milungu? Ndipo ku India, m'buku lawo lakale lopatulika la Rigveda muli nyimbo ya chilengedwe yomwe imafunsa kuti ndani akudziwadi komwe zonsezi zinachokera, poti milungu nayo inabwera pambuyo, mpaka kumaliza ndi kunena kuti mwina ngakhale woyang'anira kumwambayo sadziwa. Ngati imeneyo si filosofi, ndiye ndi chiyani?

MphunzitsiWopuma
A Chiphaliwali, pa zambiri mwanenazi sindikutsutsani. Ngakhale Aristotle, pofotokoza za Thales, anakumbutsa kuti akale ankati Okeanos ndi Tethys, milungu ya madzi, ndiwo makolo a chilengedwe. Kotero Agiriki eni ake ankaona kuti madzi a Thales ali ndi mizu m'nthano. Koma kuvula mayina a milungu kuja musakuchepetse, chifukwa n'komwe kunalola Anaximander kutsutsa popanda kuoneka ngati wanyoza kachisi. Za India ndi zoonanso, ndipo ku China mphunzitsi wanzeru Confucius anabadwa mu 551 BC, nthawi yomwe a ku Miletus aja ankakangana. Mwanayo auzidwe kuti mawu akuti filosofi ndi achigiriki, otanthauza kukonda nzeru, ndipo mzere womwe umaphunzitsidwa m'sukulu zambiri umayambira ku Miletus, koma kufunsa mozama kunaphuka m'malo angapo.

Gogo_Dzalanyama
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Mayi NaPhiri, inu muli ku Dedza, phiri la Dzalanyama silili kutali nanu. Musanamutengere mwanayo kutsidya kwa nyanja, muuzeni za Kaphirintiwa. Makolo athu ankati pachiyambi dziko linali louma lopanda chamoyo, ndipo tsiku lina kunagwa mvula, Chauta n'kutsika pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi oyamba ndi nyama zonse. Anthuwo anatsika ndi khasu, lichero ndi mtondo. Anatera pathanthwe lomwe linali lofewa, mapazi awo n'kudindika pomwepo. Ankakhala onse mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri, tchire n'kuyaka. Nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, kupatula galu ndi mbuzi zomwe zinathawira kwa munthu. Bilimankhwe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti akwerenso, koma Chauta anati wakalamba sangathe. Kangaude ndiye anatsitsa ulusi wake n'kumukweza kumwamba, ndipo kuyambira pamenepo Chauta anati munthu azifa kuti akamupeze komweko.

Ife tili ana sitinkangomvera ayi. Tinkafunsa kuti munthu analakwa chiyani popeka moto, poti moto womwewo ndiwo timaphikira nsima. Agogo athu ankaseka n'kutiuza kuti tikagone nalo funsolo.

WaKuChirunga
Agogo, zikomo kwambiri. Nthano imeneyi ili ndi mnzake kwa Agiriki: Prometheus anaba moto kwa milungu n'kupatsa anthu, ndipo Zeus analanga iyeyo pamodzi ndi anthuwo. Mitundu iwiri yotalikirana chonchi inaona chinthu chimodzi, kuti luso lomwe linamukweza munthu pamwamba pa nyama ndi lomwenso linamulekanitsa ndi chilengedwe ndi Mlengi. Funso lomwe munkafunsa muli ana lija ndi funso la filosofi lenileni.

Chiphaliwali88
Ndiye mwavomera kuti nthano ya Kaphirintiwa ndi filosofi ya Achewa.

WaKuChirunga
Ayi, achimwene, sindinatero, ndipo apa mpomwe akatswiri a ku Africa kuno anakanganapo kwambiri. Mu 1945 wansembe wa ku Belgium, Placide Tempels, yemwe ankatumikira ku Congo, anatulutsa buku lonena kuti anthu a mitundu ya Bantu ali ndi filosofi yawo yomwe imapezeka m'miyambo ndi m'zikhulupiriro zawo. Paulin Hountondji wa ku Benin anatsutsa maganizo amenewa mwamphamvu. Iye anati kutenga zomwe mtundu wonse umakhulupirira n'kuzitcha filosofi n'kutipeputsa, chifukwa kwa Azungu palibe amene amatcha nthano za Zeus filosofi, amatchula munthu ndi dzina lake ndi zifukwa zake. Henry Odera Oruka wa ku Kenya anadzera njira ina: anayenda m'midzi kukacheza ndi akuluakulu anzeru, ambiri osapita kusukulu, ndipo anasiyanitsa omwe amangobwereza zomwe makolo ananena ndi omwe amaziyeza, kuvomera zina n'kukana zina, akupereka zifukwa zawozawo. Achiwiriwa ndiwo anawatcha afilosofi. Ine ndili kumbali ya Oruka. Nthano ya Kaphirintiwa ndi nkhokwe ya mafunso, koma filosofi inayamba usiku womwe Agogo ali mwana anafunsa kuti munthu analakwa chiyani.

Chiphaliwali88
Sindinakhutire kwenikweni, chifukwa yemwe anapeka nthanoyo nayenso anaganiza mozama, kungoti dzina lake linatayika. Koma za Oruka ndikazifufuza.

Mlimi_Kasungu
Ndiloleni ndiponyepo zomwe ndinachita ndi anyamata anga awiri, poti ine ndinazipeza mochedwa izi, ndikuwerenga ndekha. Musaganize kuti afilosofi atabwera nthano zinatha. Thales yemweyo akuti ananena kuti zinthu zonse n'zodzala ndi milungu. Parmenides wa ku Elea, yemwe mfundo zake n'zolimba zedi, anazilemba m'ndakatulo momwe mulungu wamkazi ndiye akumuphunzitsa. Plato, ngakhale ankadzudzula alakatuli, ankapeka nthano zake akafika pomwe zifukwa zokha sizikukwanira kufotokoza. Ndipo Aristotle analemba kuti anthu anayamba filosofi chifukwa cha kudabwa, ndi kuti wokonda nthano nayenso ndi wokonda nzeru mwa njira ina, poti nthano imapangidwa ndi zodabwitsa.

Yomwe inagwira ntchito kwathu ndi nthano ya mphete ya Gyges, yomwe ili m'gawo lachiwiri la buku la Plato la Republic. Mbusa wa nkhosa wa ku Lydia anapeza mphete m'phanga lomwe linatseguka ndi chivomezi, ndipo anazindikira kuti akaitembenuzira mkati anthu sankamuona. Anaigwiritsa ntchito kulowa kunyumba ya mfumu, kunyenga mkazi wa mfumu, kupha mfumuyo ndi kulanda ufumu. Funso lake n'lakuti, kodi alipo munthu yemwe angakhalebe wolungama atadziwa kuti palibe angamuone? Ndinawafunsa anyamata angawo tikusankha fodya m'chigafa. Wamkulu anati aliyense angabe. Wamng'ono anati iye sangabe chifukwa Mulungu amaona, ndipo mkulu wakeyo anamufunsa kuti ndiye ukuopa chilango basi, kapena umadana nako kubako? Anakangana mpaka dzuwa kulowa, ndipo ine sindinawagamulire.

Sisitere_M
Bambo a ku Kasungu, funso la mwana wanu wamkuluyo ndi lomwe alaliki ambiri timalizemba. Mwachita bwino kusawagamulira msanga.

MphunzitsiWopuma
Chinthu chimodzi chomwe mwanayo ayenera kudziwanso n'chakuti kusintha kumeneku kunali ndi mtengo wake. Anaxagoras ananena kuti dzuwa ndi mwala woyaka, waukulu kuposa chigawo cha Peloponnese ku Greece, pomwe anthu ankalitenga ngati mulungu Helios. Anaimbidwa mlandu wonyoza milungu ndipo anachoka ku Athens n'kukafera ku Lampsacus. Socrates wa ku Athens, mphunzitsi wa Plato, anaweruzidwa mu 399 BC pa mlandu wosalemekeza milungu ya mzindawo ndi wosokoneza achinyamata, ndipo anamwetsedwa poizoni ali ndi zaka pafupifupi 70. Ndikutchula izi chifukwa mwana wokonda kufunsa amakumana ndi anthu omwe amamuona ngati wamwano. Mumuphunzitse kufunsa mwaulemu, makamaka kwa akuluakulu, koma musamuphunzitse kuti funsolo ndilo mwano. Mumuuzenso kuti Thales sanasiye buku lomwe tili nalo lero, zomwe timadziwa za iye zinadzera mwa anthu ngati Herodotus ndi Aristotle omwe anabwera pambuyo pake, kotero azizolowera kufunsa kuti nkhani iliyonse yatipeza kudzera mwa yani.

Kamtsinje
Ndiye dongosolo lake likhale lotani? Mayiwa anafunsa poyambira, ife tawapatsa mtolo wonse.

WaKuChirunga
Ine ndingayambe ndi nthano ya kwathu imodzi, yomwe mwanayo akuidziwa kale, n'kumufunsa kuti nthanoyi ikuyankha funso lanji. Tsiku lina nthano ya Demeter, ndi funso lomwelo. Akazolowera kupeza funso lobisika m'nthano, ndiye abwere Thales ndi anzake awiri aja, ndipo mumulole awatsutse yekha musanamuuze momwe anatsutsirana. Socrates ndi Plato adikire kaye.

NaPhiri_Dedza
Ndabweranso kudzakuuzani momwe zayendera. Usiku wathawu magetsi atazima ndinamufotokozera nthano ya bilimankhwe ndi buluzi, momwe mayi anga ankandiuzira: kuti Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye anayenda mwapang'onopang'ono, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga woti akafa afereratu, ndipo anthu analandira uthenga womwe unayamba kufika. Ndinamufunsa kuti nthanoyi ikuyankha funso lanji, ndipo sanachedwe, anati ikuyankha chifukwa chomwe anthu amafera. Kenako anakhala chete kanthawi n'kufunsa kuti ngati Chauta ankafunadi kuti anthu aziuka, analekeranji kukonza uthengawo bilimankhwe atafika, ndipo ngati sakanatha kuukonza, ndiye kuti pali lamulo lina lomwe ngakhale iye sangaliphwanye? Ndinamuuza zoona kuti funso limenelo tiliganizire limodzi, ndipo Lamlungu tikalifunsenso kwa abusa athu.

Za mpweya padzanja tayesa m'mawa uno. Akuti Anaximenes sanaganize bwino, chifukwa mwina kuziziraku kukuchokera ku liwiro la mpweyawo osati kuthithikana kwake, ndipo akufuna kuyesa ndi chubu cha bolopeni. A WaKuChirunga, mwati Socrates adikire kaye, koma wamva kale kuti anamwetsedwa poizoni ndipo akufuna kudziwa chomwe ananena kukhoti. Ndimuuze zotani?

WaKuChirunga
Ngati wafunsa yekha, musamudikiritse, Mayi. Plato analemba mawu omwe Socrates anadziteteza nawo m'kabuku kotchedwa Apology, ndi kakafupi, mukhoza kukamaliza madzulo awiri kapena atatu. Yambirani pomwe akufotokoza kuti mnzake Chaerephon anapita kukachisi wa ku Delphi kukafunsa ngati alipo wanzeru kuposa Socrates, ndipo anayankhidwa kuti palibe. Socrates sanakane mawu a kukachisiwo ndipo sanangowameza, koma anayamba kuyendera andale, alakatuli ndi amisiri, kuwafunsa mafunso kuti aone chomwe mulunguyo ankatanthauza. Mukafika pamenepo muime, mumufunse mwanayo kuti akuganiza kuti Socrates anapeza chiyani, ndipo mudzatiuze yankho lake musanapitirire.